Wapezekanso wolakwa pa mlandu wa suruma: zomwe banja liyenera kudziwa pochita recurso

Ngati mwana wanu, mwamuna wanu kapena mlongo wanu wagamulidwa kukakhala m'ndende chifukwa chogulitsa suruma kapena mankhwala ena ozunguza bongo, ndipo juiz wanena kuti chilango chakwera poti aka si koyamba, muli ndi masiku owerengeka oti muchitepo kanthu. Mabanja ambiri masiku amenewa amathera pa kulira, kukongola ndalama ya ulendo ndi kufunafuna munthu "wodziwana ndi akuluakulu". Pamene akukumbukira za recurso, chomwe ena timachitcha apilo, nthawi imakhala itatha, ndipo chigamulo chimakhala chitakhazikika.

Tsamba lino silikuikira kumbuyo malonda a mankhwala. Amene adaonapo mnyamata atasiya sukulu ndi munda chifukwa cha chamba akudziwa kuwawa kwake. Koma wolakwa nayenso ayenera kulandira chilango chomwe lamulo lidaika, osati choposerapo. Mawu amodzi okha olembedwa mu chigamulo, akuti reincidente, amatha kuwonjezera zaka zomwe ana akule opanda bambo kapena mayi. Ngati mawuwo alembedwa molakwika, pali njira yowakonzera.

Lamulo la mankhwala likuti chiyani

Milandu ya mankhwala ozunguza bongo m'dziko muno imaweruzidwa potsata Lei 3/97 ya pa 13 Malichi 1997. Gawo 33 la lamuloli likunena za tráfico, kutanthauza kugulitsa, kugawa, kunyamula, kulowetsa kapena kutulutsa mankhwala m'dziko popanda chilolezo, ndipo chilango chake pa mankhwala ngati suruma, heroína ndi cocaína ndi zaka 16 mpaka 20. Dziwani kuti munthu safunika kugwidwa akulandira ndalama m'manja. Kunyamula thumba la wina pa njinga, ukudziwa zomwe zili m'katimo, kungathe kukugwetsa m'gawo lomweli.

Komabe lamulo lomwelo silidaike anthu onse m'dengu limodzi. Lili ndi magawo ena, a chilango chochepa kwambiri, okhudza wopezeka ndi mankhwala ochepa, wogulitsa pongofuna kupeza oti asute yekha, wongosuta, ndi wolima suruma. Choncho funso loyamba pa mlandu uliwonse wotere ndi lakuti: m'bale wanuyo waweruzidwa pa gawo liti, ndipo umboni ukugwirizana ndi gawo limenelo? Funso lachiwiri ndiye la reincidência.

Reincidência si kungoti "adamangidwapo kale"

Kumudzi timati wakuba ndi wakuba, ndipo amene adalowapo m'chitokosi cha polisi amadziwika mpaka kalekale. Lamulo siliwerenga choncho. Código Penal, yomwe ndi Lei 24/2019, imati munthu ndi reincidente ngati adaweruzidwa kale ndi chigamulo chokhazikika, kenaka n'kupalamula mlandu wina wa mtundu womwewo zisanathe zaka 8 chiweruzidwire. M'chiganizo chimenechi muli zinthu zitatu, ndipo chimodzi chikasowa, reincidência palibe.

Choyamba ndi chigamulo chokhazikika. Papepala mudzaona mawu akuti trânsito em julgado. Amatanthauza kuti tribunal idagamula, ndipo nthawi ya recurso idatha kapena ma recurso onse adayankhidwa. Kugwidwa ndi apolisi n'kugona m'chitokosi masiku atatu si chigamulo. Mlandu womwe udatsekedwa ku Procuradoria posowa umboni si chigamulo. Nkhani yomwe idathera kwa mfumu kapena kwa mlembi wa bairro si chigamulo. Amene adaweruzidwa n'kupezeka wosalakwa alibe mlandu wam'mbuyo. Ndipo ngati pa tsiku lomwe akuti adapalamula mlandu wachiwiri, mlandu woyamba udali udakali pa recurso, chigamulo choyambacho chidali chisanakhazikike. Gawo 59 la Constituição likuti munthu amatengedwa kukhala wosalakwa mpaka chigamulo chomaliza cha tribunal.

Chachiwiri ndi mtundu wa mlandu, da mesma natureza. Amene adaweruzidwa chifukwa choba mbuzi, lero n'kupezeka ndi suruma yogulitsa, wapalamula milandu iwiri yosiyana mtundu. Chimodzimodzi amene adagunda munthu ndi njinga yamoto mwangozi: lamulo likuti ngati mlandu umodzi udachitika mwadala ndipo winawo mosasamala chabe, reincidência palibe. Pamene pamavuta ndi pa milandu yoyandikana, monga ngati woyamba udali wongosuta ndipo wachiwiri ndi wogulitsa. Apa woimira mlandu ayenera kuitsutsa nkhaniyo ndi mfundo, ndipo juiz ayenera kulemba chifukwa chomwe waionera kuti ndi ya mtundu umodzi.

Chachitatu ndi zaka 8. Tengani pensulo muwerenge nokha. Tiyerekeze kuti munthu adaweruzidwa mu Malichi 2014, chigamulo n'kukhazikika chaka chomwecho, ndipo wagwidwanso akugulitsa mu Meyi 2023. Padutsa zaka zoposa 8, choncho sangatchedwe reincidente. Koma akadagwidwa mu 2020, zaka zikadakhala 6 zokha, ndipo reincidência ikadakhalapo. Tsiku lomwe mumayezera ndi lomwe mlandu wachiwiri udapalamulidwa, osati tsiku lomwe waweruzidwa. Lembani masiku atatu papepala: lomwe chigamulo choyamba chidaperekedwa, lomwe chidakhazikika, ndi lomwe akuti mlandu watsopano udachitika.

Pali chinthu china chomwe chimasokoneza mabanja ambiri: kukhululukidwa. Munthu akatuluka m'ndende msanga chifukwa cha indulto ya Pulezidenti kapena perdão yochotsera chilango, amaganiza kuti mlandu wake wafufutika. Ayi. Chomwe chachotsedwa ndi chilango, koma chigamulo chilipobe ndipo chimawerengedwa. Chomwe chimafufuta mlandu pa nkhani ya reincidência ndi amnistia. Mu Epulo 2020, nthawi ya Covid-19, Assembleia da República idavomereza lamulo lokhala ndi zonse ziwiri, amnistia ndi perdão. Ngati m'bale wanu adatuluka nthawi imeneyo, funani pepala lomwe adatulukira nalo muone mawu omwe adalembedwapo. Kusiyana kwa mawu awiriwa kungakhale kusiyana kwa zaka.

Kuwerenga chigamulo

Recurso imayambira papepala, osati pa zomwe mudamva m'bwalo la milandu. Pemphani woimira mlandu kuti atenge kope ya sentença kapena acórdão ku cartório ya tribunal. Ngati Chipwitikizi cha malamulo chikukuvutani, si inu nokha: ngakhale aphunzitsi amaima n'kubwereza chiganizo kawiri. Pezani munthu wokhulupirika, mphunzitsi, katekisiti, mwana wa sekondale, muwerengere limodzi pang'onopang'ono, mukulemba m'Chichewa m'kope zomwe mwamva.

Yang'anani malo anayi. Pamene palembedwa factos provados pali zinthu zomwe tribunal yati zatsimikizika. Onani ngati mlandu wam'mbuyo watchulidwa pamenepo ndi tsiku lake, tribunal yake ndi nambala ya processo. Pa circunstâncias agravantes pali zokulitsa mlandu, ndipo reincidência mudzaipeza pamenepa. Pa circunstâncias atenuantes pali zochepetsa mlandu, monga kuvomera mwaufulu. Kumapeto kuli decisão, pomwe pali gawo la lamulo ndi zaka zomwe wapatsidwa.

Umboni wa mlandu wam'mbuyo ndi certificado de registo criminal kapena kope ya chigamulo chakalecho. Funsani ngati pepalali lilimo mu processo. Likapezeka, liyerekezeni ndi bilhete de identidade ya m'bale wanu: dzina lonse, tsiku lobadwa, maina a bambo ndi mayi, kumene adabadwira. Kwathu kuno mfunda umodzi umakhala wa midzi yambiri, ndipo dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana, pena mwa Chipwitikizi, pena mwa Chichewa. Ngati zolembedwazo sizikugwirizana, uzani woimira mlandu msanga. Ngati chomwe chilipo ndi mawu a wapolisi okha akuti "ameneyu timamudziwa", kapena mawu a woimbidwa mlandu akuti "ndidamangidwapo", popanda tsiku ndi mtundu wa mlanduwo, ndiye kuti zinthu zitatu zija sizidatsimikizidwe, ndipo imeneyo ndi mfundo ya recurso.

Masiku ndi njira yake

Código de Processo Penal, yomwe ndi Lei 25/2019, imapereka masiku 20 ochitira recurso pa processo comum ndi masiku 8 pa processo especial. Mlandu wa tráfico wa zaka zambiri umayenda ngati processo comum. Masikuwa amayamba kuwerengedwa chigamulo chikadziwitsidwa kwa woweruzidwa kapena chikaperekedwa ku cartório. Musawerenge nokha mongoyerekeza. Tsiku lomwelo la chigamulo funsani woimira mlandu kuti tsiku lomaliza ndi liti, mulilembe pa kalendala, ndipo mudziikire lanu lomwe lili patsogolo pake ndi sabata yathunthu. Mvula ikadula msewu wa ku Chifunde kapena ku Tsangano, tribunal siimitsa kuwerenga.

Recurso imaperekedwa ku tribunal yomwe idagamula mlanduwo, ndipo ndi iyo imatumiza processo kumwamba. Chigamulo cha Tribunal Judicial de Distrito chimakaunikidwa ku Tribunal Judicial de Província. Mlandu wa zaka 16 mpaka 20 umayambira ku tribunal ya provinsiya, ndipo recurso yake imapita ku Tribunal Superior de Recurso. Matribunal amenewa alipo atatu: ku Maputo, ku Beira ndi ku Nampula. Milandu ya ku Tete imapita ku Beira, ya ku Niassa imapita ku Nampula. Pamwamba pa onse pali Tribunal Supremo, yomwe pa recurso zotere imaona ngati lamulo lidagwiritsidwa ntchito moyenera, osati kuyambiranso kumva mboni. Simufunika kugulitsa ng'ombe kuti mukafike ku Beira. Chomwe chimayenda ndi processo.

Banja silingachite recurso m'dzina lake. Ufulu ndi wa woweruzidwayo, ndipo amaugwiritsa ntchito kudzera mwa advogado kapena defensor público. Ntchito yanu ndi kusonkhanitsa mapepala, kukumbutsa masiku, ndi kupempha kope ya recurso yokhala ndi chidindo cha cartório ndi tsiku lomwe yalandiridwa. Kopeyo isungeni ngati momwe mumasungira DUAT ya munda. Mawu akuti "ndapereka kale" opanda chidindo asakukhutiritseni.

Zolemba mu recurso

Kulemba kuti "chilango chachuluka, ali ndi ana" sikukwanira. Lamulo limafuna motivação, kutanthauza zifukwa, ndipo kumapeto kwake conclusões, mfundo zazifupi zosonyeza pomwe tribunal idalakwitsa ndi gawo la lamulo lomwe lidaphwanyidwa. Majuiz a kumwamba amayankha zomwe zafunsidwa m'mfundo zimenezi. Ndiye musanalole kuti pepala lipite, pemphani woimira mlandu akuwerengereni conclusões ndipo mumve ngati nkhani ya reincidência ilimo.

Kuwonjezera pa zinthu zitatu za reincidência, kambiranani naye izi. Kodi mankhwalawo adayezedwa ndi akatswiri, ndipo pepala la zotsatira lilimo mu processo? Kulemera komwe kudalembedwa tsiku logwidwa kukufanana ndi komwe kuli mu chigamulo? Kodi pali umboni woti adali kugulitsa, monga timapaketi tomangamanga, sikelo, ogula, kapena zomwe zidapezeka zikuloza ku gawo la chilango chochepa? Kodi tribunal idaganizira zochepetsa mlandu? Kodi miyezi yomwe adakhala pa prisão preventiva, akudikira mlandu, yachotsedwa pa chilango? Lamulo limati iyenera kuchotsedwa.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Milandu imayendetsedwa m'Chipwitikizi, koma amene sachimva bwino ali ndi ufulu wokhala ndi womasulira popanda kulipira. Funso lakuti "já esteve preso?" ndi lakuti "já foi condenado?" si limodzi: loyamba likufunsa za kumangidwa, lachiwiri za kuweruzidwa. Munthu wongodziwa Chipwitikizi cha pamsika amayankha "sim" pa onse awiri. Ngati m'bale wanu adafunsidwa popanda womasulira, uzani woimira mlandu mwamsanga, chifukwa madandaulo ena otere ali ndi nthawi yake yowaperekera. Ndipo ngati mlandu wa wina sunayambe, pemphani womasulira pa tsiku loyamba lenileni, osachita manyazi.

"Nanga akamuwonjezera?"

Mantha amenewa amaletsa anthu ambiri. M'ndende mumamveka nkhani zakuti wina adachita recurso n'kubwerako ndi zaka zambiri kuposa poyamba. Lamulo lili ndi chitetezo pa zimenezi. Ngati amene wachita recurso ndi woweruzidwa yekha, kapena Ministério Público yachita pofuna kumuthandiza iyeyo, tribunal ya kumwamba siingamuwonjezere zaka za m'ndende. Zimasintha ngati Ministério Público nayo yachita recurso yopempha chilango chokulirapo. Choncho funsani woimira mlandu ngati mbali inayo yachitanso recurso, ndipo yapempha chiyani.

Mwina mudzamva ku tribunal kuti "processo ipita yokha kumwamba". Zili choncho pa zilango zazikulu: chilango chikafika zaka 10 kapena kuposerapo, Ministério Público imakakamizidwa ndi lamulo kuchita recurso. Koma musagone poti wina wakutumizirani processo. Recurso imeneyo siinyamula mfundo zanu. Siidzanena kuti tsiku lobadwa pa certificado si la m'bale wanu, kapena kuti padadutsa zaka 9. Zimenezo azinena ndi woimira mlandu wanu, m'pepala lake, m'masiku ake.

Dziwaninso kuti recurso si kiyi ya ndende. Pamene ikuunikidwa chigamulo chimakhala chisanakhazikike, koma amene adali kale pa prisão preventiva nthawi zambiri amadikira yankho ali m'katimo. Kudikirako kumatha kutalika. Pitani kapena imbani foni kwa woimira mlandu pafupipafupi, mutanyamula nambala ya processo, chifukwa ku cartório amafufuza ndi nambala.

Ngati mulibe ndalama

Gawo 62 la Constituição likuti Boma liyenera kuonetsetsa kuti woimbidwa mlandu ali ndi womuimira, ndipo amene sangathe kulipira advogado apatsidwe thandizo. Ntchito imeneyi ndi ya IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, yomwe idakhazikitsidwa mu 1994 ndipo ili ndi maofesi m'maprovinsiya ndi m'madistrito. Pitani ndi bilhete yanu, nambala ya processo, ndi atestado de pobreza yochokera kwa akuluakulu a kumene mumakhala. Ngati m'bale wanu adaimiridwa kale ndi defensor pa mlandu, yambani ndi yemweyo, poti processo akuidziwa. Ngati sakupezeka, musadikire kuti abwere: kauzeni ofesi ya IPAJ tsiku lomwelo kuti masiku akutha.

Chenjerani ndi anthu oima pakhomo la tribunal kapena la ndende, onena kuti mukawapatsa ndalama "akalankhula ndi juiz". Ndalama iliyonse yoyenera kulipidwa ku tribunal imakhala ndi pepala ndi lisiti. Wopereka chiphuphu nayenso amapalamula mlandu, ndipo pamene mukudikira lonjezo la munthu wotere masiku 20 aja akupita. Wina akakupemphani chiphuphu, kanenezeni ku Procuradoria kapena ku Gabinete de Combate à Corrupção.

Zomwe mungayembekezere

Tribunal ya kumwamba ingathe kusiya chigamulo momwe chilili. Ingathe kuchotsa reincidência n'kuwerengeranso chilango. Ingathe kusintha gawo la lamulo, kuchoka pa tráfico yaikulu kupita pa mlandu wocheperapo. Ingathenso kulamula kuti mlandu ukaweruzidwenso ngati padali cholakwika chachikulu. Musalonjeze ana kuti bambo abwera mawa. Ngakhale reincidência itachotsedwa, chilango cha mlandu watsopanowo chimakhalapobe, ndipo juiz amaloledwa kuganizira khalidwe la munthu la m'mbuyo poyeza chilango pakati pa malire omwe lamulo lidaika. Ndipo ngati zinthu zitatu zija zonse zilipodi, woimira mlandu woona mtima adzakuuzani kuti mphamvu muiike pa mfundo zina.

Nanga ngati masiku adatha kale? Khomo lalikulu latsekeka, koma pali lina lopapatiza lotchedwa revisão. Limatseguka pa zifukwa zochepa zomwe lamulo lidatchula, monga ngati patuluka umboni watsopano wokayikitsa kwambiri chilungamo cha chigamulo, kapena ngati tribunal ina yatsimikiza kuti umboni womwe udagwiritsidwa ntchito udali wabodza. Si njira yongodandaulira kuti zaka zachuluka. Pitani nazo ku IPAJ akaone ngati nkhani yanu ikulowa pamenepo.

Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene adaweruzidwapo kale, ngakhale lero ali pamtendere akulima fodya kapena mbatata, funani mapepala ake a mlandu wakalewo muwasunge pouma: kope ya chigamulo, pepala lotulukira m'ndende, ndi certificado de registo criminal. Muwerengereni kuti adziwe mlandu womwe udalembedwa ndi tsiku lake, ndiponso kuti amvetse chomwe chimudikira akabwerera ku malonda aja. Ndipo ngati chigamulo chaperekedwa sabata ino, pitani mawa m'mawa kwa woimira mlandu ndi mafunso awiri: tsiku lomaliza la recurso ndi liti, ndipo certificado de registo criminal ilimo mu processo?